Mamba Inandilavulira M'maso, A Malume Akuletsa Madzi

Moni kwa inu nonse, anzanga a m'gulu la achinyamata pa parishi yathu, ndi wina aliyense amene pepala ili lidzamufike. Dzina langa ndine Sitela, ndimakhala kumapiri a kuno ku Chezi, ndipo ndangomaliza kumene kulemba mayeso a Fomu 4. Atsogoleri a gulu lathu anandipempha kuti ndilembe umboni wa zimene zinandigwera, pamene njoka inandilavulira m'maso kutatsala sabata zinayi kuti mayeso ayambe. Ndinavomera, koma ndikuchenjezeretu kuti ndikulemba ndidakali wokwiya. Ndayesa kawiri kulemba mofatsa ngati mmene anzathu ena amalembera, ndipo kawiri konse ndang'amba pepalalo chifukwa linali bodza. Mulungu anandipulumutsa, zimenezo sindikayika. Koma sanandipulumutse kwa njoka yokha. Anandipulumutsanso kwa anthu a pakhomo panga.

Bambo anga amagwira ntchito pa esiteti ya fodya ku Kasungu ndipo amabwera kamodzi pa chaka. Ine ndimakhala ndi amayi anga, a Nabanda. Kuseri kwa nyumba yathu kuli nyumba ya a malume a Lufeyo, alongo awo a amayi, ndipo poti ndiwo eni mbumba, chilichonse cha pakhomo pathu chimadikira mawu awo. Kumunsi kwathu, kungodutsa mpanda wa nkhadze, kumakhala a Nankhoma, mayi wochokera ku Ntchisi amene anakwatiwa m'mudzi mwathu. Chaka chatha a malume anakangana ndi amuna awo a mayiyu chifukwa cha chitsime cha kudimba, aliyense akuti chili mbali yake. Kuyambira pamenepo makomo awiriwa anasiya kupatsana moni, ngakhale kupemphana moto.

Ndili ndi kope limene ndimalembamo za tsiku lililonse chiyambire Fomu 2. Ndalitsegula pambali panga kuti ndisawonjezere kapena kuchepetsa.

Njoka yoyamba inali mphiri. Tinaipeza kudimba, itadzipinda pansi pa masamba a mpiru, amayi atatsala pang'ono kuiponda pothirira. Anaipha ndi khasu, tinaitaya kutchire, nkhani n'kuthera pomwepo. Patapita masiku ochepa ndinaona ina yobiriwira, yowonda, m'nkhuni za kukhitchini, ndipo inathawa ndisanaitane munthu. Kenaka mazira anayamba kusowa m'khola. Thadzi lathu linkalira masanasana popanda chimene tikuona, anapiye awiri tinawapeza atauma, ndipo tsiku lina amayi anaona mchira wakuda ukulowa pansi pa mulu wa mitengo umene unali pambali pa khola.

Mulu umenewo unali wa a malume. Chigafa chawo chakale chopachikamo fodya chitagwa, anaunjika mitengo yake ndi udzu wowola pakhoma la khola lathu, ati adzamangira china. Panali patatha zaka ziwiri. Chimanga tinali titangolowetsa m'nkhokwe, ndipo makoswe ankathamanga kuchoka kunkhokwe kulowa m'muluwo ife tikuona.

A malume atamva za njoka yachitatu anagwedeza mutu. "Njoka zitatu mwezi umodzi, khomo limodzi? Kodi makomo enawa alibe nkhuku? Izi n'zotumidwa." Sanatchule dzina, anangoloza ndi mlomo kumpanda wa nkhadze. Mawa lake anabwera ndi sing'anga wa kuseri kwa phiri, amene anazungulira nyumba yathu akung'ung'udza, n'kukwirira kabotolo ka mankhwala pansi pa mulu womwe uja, ati ndi pamene njokazo zimalowera. Atatero sing'angayo analamula kuti pasapezeke munthu wosuntha ngakhale mtengo umodzi pamuluwo mpaka mvula yoyamba, chifukwa mankhwalawo angasuluke. Ananyamula tambala wathu n'kumapita. Madzulo a malume anatentha tayala lakale pabwalo kuti utsi uthamangitse njoka, ndipo yunifomu yanga inanunkha mphira sabata yonse.

Ine ndinayankhula. Ndinauza a malume kuti aphunzitsi a zaulimi anatiphunzitsa kuti njoka imatsata makoswe ndi mazira, ndipo imakonda pamalo pounjikana zinthu. Ndinapempha kuti tiphwasule muluwo, tisese, tilambule udzu wa kuseri kwa khola. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Iwe, sukulu yakuphunzitsa kuyankha akulu? Aphunzitsi akowo anaionapo njoka yotumidwa?"

Amayi anandikoka chitenje. "Khala chete, Sitela, usatiputire nkhani."

Pano ndiyenera kunena choona chimene chimandichititsa manyazi. Ngakhale ndinatsutsa, mbali ina ya mtima wanga inakhulupirira. Ndikakumana ndi a Nankhoma kumjigo, iwo ankandipatsabe moni, mwana wawo wakhanda ali kumsana, ine n'kumayang'ana pansi ngati sindinamve. M'kope langa ndinalemba ndi dzanja langa lomweli kuti, "Ngati ndi iwo akutitumizira njoka, Mulungu awabwezere." Mtsikana wa Fomu 4, woimba kwaya, wodziwa za makoswe ndi mazira, ndinalemba zimenezo.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa, dzuwa litangotuluka pamwamba pa phiri. Ndinali nditasesa, ndikukonzekera kupita kusukulu kukawerenga ndi anzanga. Amayi anati ndisanapite ndikaone ngati muli mazira m'khola. Khola lathu ndi lalifupi, lanjerwa, ndipo nkhuku zimaikira m'dengu lakale limene lili pakona yamdima, mbali yomweyo ya mulu wa mitengo. Ndinagwada, ndinalowetsa mutu ndi dzanja limodzi. Ndinamva kupemerera ngati mpweya ukutuluka m'chubu cha njinga. Kuseri kwa dengu kunadzuka chinthu chakuda, khosi lake litatambasuka ngati chipande, ndipo ndisanabwerere m'mbuyo ndinamva kunyowa kumaso ngati wina wandiwaza madzi. Inali mamba, ija yolavula.

Kwa kanthawi kochepa sindinamve kanthu. Kenaka moto. Mukadziwa mmene tsabola wa kambuzi amawawira mukadzigwira m'diso mwangozi, ganizani kuti wina wamusinja n'kukupakani m'maso onse awiri, n'kuwonjezera mchenga. Ndinagubuduka pansi ndikukuwa, "Madzi! Amayi, madzi!" Maso anakana kutseguka. Kuyambira pamenepo zonse zimene ndikusimbezi ndinazimva ndi makutu, zina anandiuza pambuyo pake amayi ndi anthu amene analipo.

Amayi anathamanga ndi kapu ya madzi. Anali atafika kale pamene ndinagwa, dzanja lawo lili pamutu panga, pamene a malume anaimenya kapuyo n'kugwa. Ndinamva kulira kwake pamwala.

"Madzi ayi! Ukufuna kumupha maso mwanayu? Madzi amalowetsa ululu m'kati. Apa mpofunika mkaka wa m'mawere basi."

Inu a kwathu kuno mukudziwa kuti ndi mmene ambiri amakhulupirira, kuti mamba ikalavulira munthu, mayi woyamwitsa amukamire mkaka m'maso. Anthu anali atayamba kusonkhana, ndipo aliyense ankadziwa kuti mayi woyamwitsa alipo kuseri kwa nkhadze pomwepo. Mayi wina anayankhula chapansipansi kuti a Nankhoma ali ndi khanda. A malume anamukalipira. "Mukufuna wotuma njoka yemweyo adzathirenso mankhwala? Ameneyo asaponde pano." Atatero anauza amayi kuti athamangire kutsidya kwa mtsinje, kumudzi kumene msuweni wathu wina anali ndi mwana wa miyezi ingapo. Kumeneko kupita ndi kubwera ndi pafupifupi ola lathunthu, pokwera ndi potsika. Amayi anamvera. Ndinamva mapazi awo akuchoka.

Ndinatsala pansi, a malume atandigwira manja kuti ndisatikite maso. Amuna angapo anabwera ndi zibonga kudzapha njokayo, koma inali italowa m'mulu muja, ndipo a malume anawakumbutsa kuti mulu ndi wosakhudza. Choncho amuna akuluakulu anangozungulira mulu wa mitengo yowola, zibonga m'manja, akukambirana za kutalika kwa njoka imene sanaione. Mtsuko wamadzi unali pakhonde, wodzaza, ndinatunga ndekha m'mawa womwewo. Ndinapempha, ndinalira, ndinatukwana, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wolimba mtima kuutenga. Mpaka lero mtsuko umenewo sindinauiwale.

Ndinapemphera, koma silinali pemphero lokongola. Ndinafunsa Mulungu kuti anandisungiranji zaka zinayi ndikukwera phiri wapansi, mvula ndi dzuwa, nthawi zina osadya, kuti adzandichititse khungu pakhomo pa mayeso. Ndinamuuza kuti ngati ndi chifuniro chake, ndiye kuti ndi chifuniro choipa. Ndinadziona nditakhala pakhonde moyo wanga wonse, ndikutong'ola chimanga cha anthu, anzanga akudutsa ndi mabuku n'kumandimvera chisoni. Zikope zinali zikutupa, ndinkazimva zikulemera. Potsiriza mawu anandithera, ndinangoti, "Ngati mukumva, tumizani munthu wamaso, chifukwa onse ali panowa ndi akhungu."

Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Chimene ndikukumbuka n'chakuti mwadzidzidzi madzi ozizira anandikhuthukira kumaso, ambiri, mpaka ndinatsamwa. Dzanja lolimba linandigwira chibwano n'kupendeketsa mutu wanga. Ndinamva kafungo ka sopo ndi kulira kwa khanda pafupi ndi khutu langa.

"Phethira, mwana iwe. Phethira, usaope. Ndine Nankhoma."

Ankachokera kumjigo, ndowa ili pamutu, pamene anamva kukuwa. Atamva kwa anthu kumpanda chimene chachitika, sanakatule ngakhale ndowayo kwawo. Anadutsa pampata wa nkhadze, anapyola pakati pa amuna a zibonga aja, n'kugwada pamene ndinali.

A malume anasiya manja anga n'kuimirira. "Mwabwera kudzamalizitsa? Chokani pakhomo pano!"

"A Banda, ndikanakhala ndi mphamvu yotuma njoka, ndikanayamba ndaituma kwa makoswe akutha chimanga changa. Sendezani mwendowo, mukunditchingira."

"Akuti mkaka, inu mukuthira madzi!"

"Mkaka wanga ndi madontho angati? Mwana wanga sakhuta nawo, ndiye utsuke maso awiri? Bambo anga kwathu ku Ntchisi diso linafera pakhonde akudikira mkaka womwewu. Alangizi a zaumoyo anadzatiuza mochedwa kuti akanangothira madzi."

Poyankhula choncho manja awo sanaime. Anakanula zikope zanga ndi zala, n'kumathira ndi kapu yomwe ija inagwa pamwala, diso ili kenaka linalo, madzi akutsikira kumbali. Ululu wake potsegula unali woti ndinawakanda pamkono mpaka magazi, koma sanandisiye. Ndowa itatha anatembenukira kwa azimayi amene anangoima aja. "Inu mwabwera kudzaonerera? Bweretsani mtsuko uwo. Ena tengani ndowa, thamangani kumjigo." Ndipo anthu omwe aja anali ataumira pamalo amodzi chifukwa choopa a malume anayamba kuthamanga. Zimenezi zimandikwiyitsanso. Ndiye kuti ambiri mwa iwo ankadziwa mumtima kuti madzi sangandiphe, ankangodikira wina woti asenze mlandu.

A malume anaopseza komaliza. "Akachita khungu mwanayu, mlandu ndi wanu."

"Ndavomera. Akachita khungu mudzandimange. Akapenya mudzandipatse moni."

Anathira ndowa zitatu kapena zinayi, mpaka ndinakhala m'matope, zovala zonse zili chonyowa, ndikunjenjemera. Moto uja sunazime, koma unatsika kufika poti ndikanatha kumva zimene munthu akundiuza. Pamenepo m'pamene amayi anafika, akupuma mwabefu, atagwira kachivindikiro ka botolo mmene msuweni uja anakamiramo mkaka. Theka linali litatayikira m'njira. Ataona amene wandigwira mutu anangoima. A Nankhoma sanawanyoze. Anati, "Thirani, a Nabanda, mwauthamangira. Suwononga kanthu. Mukatha timukweze njinga, apite kuchipatala tsopano lino." Amuna awo, omwe aja anakangana ndi a malume, ndi amene anathamangira kumsewu kukaitana wakabaza wa njinga yamoto.

Kuchipatala cha mishoni anandithiranso madzi awo a m'mabotolo, n'kundiunika. Adokotala anati diso la kumanja lapsa pang'ono chabe, koma la kumanzere lili ndi kachilonda pagalasi pake. Anafunsa kuti ananditsuka ndani, ndipo panapita nthawi yotani. Amayi atafotokoza, adokotala ananena kuti mayi ameneyo tikamuthokoze, chifukwa akanadikira mkaka bwenzi tikukamba nkhani ina. Anawonjezera kuti mkaka si woipa ayi, koma chofunika ndi kutsuka msanga ndiponso ndi zambiri, ndipo chimene chili pafupi nthawi zonse ndi madzi.

Mwina mukuganiza kuti pamenepo ndinayamba kuimba zotamanda. Ayi. Ndinagona m'chipatala masiku atatu, maso onse atamatidwa tsiku loyamba, ndipo mumdima umenewo mkwiyo wanga unakula. Ndinkawerengera masiku otsala kuti mayeso ayambe, ndikudziwa kuti anzanga akubwereza masamu ine ndikudontha misozi yosafuna. Diso la kumanja litatsegulidwa, kuwala kunkandibaya, ndipo zilembo za pakhoma zinkasambira. Namwino atandiuza kuti ndisawerenge kwa sabata yathunthu, ndinatembenukira kukhoma.

Amene ndinamukwiyira kwambiri sanali a malume, kapena njoka. Njoka inachita zimene njoka imachita ikadzidzimuka. Ndinakwiyira amayi anga. Anali ndi kapu m'manja. Dzanja lawo linali kale pamutu panga. Mawu amodzi a alongo awo anawachotsa pa mwana wawo n'kuwathamangitsa ola lathunthu kukatenga kachivindikiro ka mkaka. Tsiku lachiwiri, akundipatsa phala, ndinawafunsa mosabisa kuti bwanji sanatole kapu ija. Sanadziteteze. Anayika supuni pansi n'kunena kuti, "Ndinaopa, mwanawe. Chibadwire sindinawatsutsepo achimwene." Analira, ine osalira nawo. Ndikupempha Mulungu andikhululukire kuuma mtima kwa tsiku limenelo, koma sindinganame kuti funsolo ndimanong'oneza nalo bondo.

Titabwerera kunyumba tinapeza mulu uja uli pomwepo. A malume anabwera kudzandiona, anakhala pampando, n'kuyamba kuuza anthu kuti mankhwala a sing'anga ndi amene anagwira ntchito, ati pakanapanda kabotolo kaja njokayo ikanandiluma, osati kungolavula. Ndinali ndi bandeji kudiso la kumanzere, ndikumva munthu akudzitamandira pa maso anga. Ndinaluma chitenje kuti ndisayankhe.

Amayi ndi amene anayankha, koma osati tsiku lomwelo. M'mawa mwake, dzuwa litakwera, ndinamva mitengo ikugwa. Ndinatuluka n'kuwapeza avala nsapato za mphira za bambo, ali ndi khasu lalitali mpini, akukoka mitengo ya pamulu umodziumodzi ali chapatali. Amuna awo a Nankhoma ndi amuna ena awiri anali pambali ndi zibonga. A malume anabwera akuthamanga, akukuwa kuti mvula sinagwe, mankhwala asuluka. Amayi sanasiye kukoka. Anangoti, "Achimwene, mwanayu ndinabala ndine."

Pansi pa muluwo panali zisa za makoswe, zigoba za mazira athu, ndi khungu lalitali limene njokayo inafundula. Iyo inali m'dzenje pansi pa mtengo womaliza, pafupi ndithu ndi pamene anakwirira kabotolo kaja. Amunawo anaipha. Tinatentha udzu wowola uja, tinalambula kuseri kwa khola, ndipo dengu la nkhuku tinalipachika pamalo powala pamene munthu amaona asanapise dzanja. Chiyambire tsiku limenelo sitinaonenso njoka pakhomo. Kudimba zilipo, n'kwawo, ndipo tsopano ndimayamba ndagwedeza masamba ndi ndodo ndisanaponde.

Ndinapita kwa a Nankhoma ndekha, nditanyamula kope langa. Ndinawawerengera, ndi diso limodzi, mzere uja ndinawatemberera, chifukwa ndinaona kuti kungoti zikomo n'kubisa zimenezo kukanakhala kuba. Ndinkayembekeza kuti akhumudwa. Anaseka mpaka khanda linadzuka. "Ndiye pemphero lako linamveka," anatero. "Uyu wamera mano awiri, akundiluma tsiku lililonse." Kenaka anasiya kuseka n'kundiuza kuti chimene chinkawapweteka sichinali a malume, koma ine kuyang'ana pansi kumjigo, chifukwa ankandiona ngati mng'ono wawo amene anamusiya ku Ntchisi. Apo m'pamene ndinalira, koyamba chichokere kuchipatala.

Sabata ziwiri zomaliza ndinawerenga pang'onopang'ono, pamthunzi, ndikupumira pafupipafupi diso likayamba kutulutsa misozi. Zambiri sindinathe kubwereza. Tsiku loyamba la mayeso, atatiuza kuti titembenuze mapepala, ndinatseka maso kaye. Nditatsegula, zilembo zinali zitaima pamalo pake, zakuda, zooneka. Ndinawerenga funso loyamba mpaka kumapeto, ndinaliwerenganso kachiwiri ngakhale ndinali nditalimva, chifukwa chongosangalala kuti ndikutha. Ndalemba mapepala onse. Zotsatira sizinatuluke, ndipo sindikudziwa ngati ndakhoza mmene ndinkafunira kuti ndidzapite kukaphunzira zauphunzitsi. Diso la kumanzere lidakali ndi kamtambo kakang'ono pakona, ndipo padzuwa limalira. Adokotala akuti mwina kadzatha, mwina ayi. Koma ndikupenya.

Anzanga, ndinapempha Mulungu munthu, ndipo ananditumizira yemwe ndinamutemberera, ali ndi ndowa pamutu. Sanadikire kuti pemphero langa likhale laulemu. Choncho ngati muli m'mavuto ndipo mawu okoma akutherani, musaleke kuyankhula naye, ngakhale mokalipa. Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi chogwirika. Njoka ikalavulira munthu m'maso, musadikire wina aliyense, thirani madzi ambiri nthawi yomweyo, osaleka, kenaka thamangirani kuchipatala. Wamkulu akakuletsani, mulemekezeni mawa, lero thirani madzi.

A malume sanapepese, kwa ine kapena kwa a Nankhoma, ndipo sindikuona ngati adzatero. Ndimangowapatsa moni basi. Sabata yatha anadwala malungo, ndipo atabwera kuchokera kuchipatala ndi mapilitsi anapeza kuti aiwala mmene anawauzira kamwedwe kake. Iwo sawerenga. Amayi anali kudimba. Ndinamva akundiitana kuchokera pakhonde pawo, mawu ofooka, "Sitela, tabwera undionere apa." Ndinaima pakhomo pathu nthawi ndithu. M'mutu mwanga munabwera mayankho ambiri, ena okoma kwambiri moti ndinawalemba m'kope madzulo ake. Koma ndinapita. Ndinatenga kapepala ka mankhwalawo n'kuwawerengera kuti anayi m'mawa, anayi madzulo, atadya. Anandiyang'ana m'maso, makamaka la kumanzere, kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Tawerenganso." Ndinawerenganso. Kenaka ndinawatungira madzi m'kapu, anamwa.

Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha maso anga, chifukwa cha a Nankhoma, ndi chifukwa cha amayi anga amene anaphunzira kukana ali ndi imvi. Inu mundipempherere, pakuti kukhululuka sindinafikepo, ndangofika pa kuwerengera munthu mankhwala. Limbani mtima, musatope.

Ndine mnzanu,
Sitela